Chisomo wameza kamphete ka mu keke

Mwaswera bwanji abale. Ndangofika kunyumba kuno ku Ruaka kuchokera kuchipatala.

Masana tinaitanidwa ku Gigiri kwa abwana awo a bambo a Chisomo, mayi achikulire a Chipwitikizi. Anatidyetsa nsomba yamchere, kenako keke ya zipatso. Kani kwawo amabisamo kamphete mu kekeyo, akuti wokapeza ndi wamwayi. Ine osadziwa, ndinam'patsa mwana wanga Chisomo chibenthu chachikulu.

Ndinangoona watong'ola maso, akutsamwa, kenako wameza kampheteko.

Adokotala aunika, ati kali m'mimba, katuluka kokha, ndizifufuza m'thewera. Kakapanda kutuluka tibwerereko. Ndiye mwana akangotchima pang'ono, ine ndathamangira thewera. Ndatopa.

Mayi aja aimba foni akulira, apepesa, kenako akuti kampheteko kanali ka malemu amayi awo.

Abale anga, tandiuzani. Kakatuluka ndikatsuke n'kuwabwezera, kapena ndingoti sindinakaone?