Maswiti Atatu pa Ngodya ya Chitenje

Amayi anadzibaya insulini masiku khumi ndi awiri okha. Ndikudziwa chifukwa ankachonga pa kalendala, m'mawa ndi madzulo.

Matenda a shuga anakhala nawo zaka zambiri, akumwa mapiritsi. Mapiritsi atasiya kuthandiza, kuchipatala cha mishoni anati tsopano ndi jakisoni. Ndinapempha tchuthi cha sabata imodzi kuntchito ku Limbe n'kuwaperekeza. Linali Lachitatu.

Namwino anatiphunzitsa mosathamanga. Kabotolo ka insulini yooneka ngati mkaka sakhutchumula, amakagubuduza m'manja. Kutsina khungu la pamimba kapena pantchafu, kulowetsa singano, kukankha, kuwerenga mpaka khumi, kenako kuzula. Mawa kubaya pena. Singano zotha ntchito kuziponya m'botolo lotseka n'kuzibweza kuchipatala. Kwathu, kumtunda kwa Mauwa, kulibe magetsi, ndiye anati kabotoloko tikaike m'kachitini, kachitiniko tikakwirire mumchenga wonyowa, mumphika wadothi, pamthunzi.

"Mukabaya, pasathe theka la ola musanadye," anatero namwinoyo. "Ndipo muziyenda ndi maswiti. Mukamva kunjenjemera, thukuta kapena chizungulire, ndiye kuti shuga watsika kwambiri. Idyani pompo."

Amayi anaseka. "Anamwino, zaka zonsezi mwakhala mukundimana maswiti, lero mukuti ndiziyenda nawo? Mwasintha mpingo kodi?"

Madzulo ake kunyumba nthawi yobaya inakwana. Ndinati ndiwabaye ndine, anakana. "Iwe Lachitatu likubwerali ubwerera kutauni. Mimba yanga upita nayo?" Anatseka diso limodzi n'kubaya. Kenako anayang'ana singano ija mokhumudwa. "Ndi zomwezi? Udzudzu umaluma kuposa apa."

Ndinalemba malamulo asanu ndi atatu m'zilembo zikuluzikulu n'kumata pakhoma, pafupi ndi kalendala. Ndinagula maswiti. Atatu anawamanga pa ngodya ya chitenje, pomwe ankamanga chopereka. Ndinabwerera ku Limbe ndikudziyamikira kuti palibe chomwe ndasiya.

Ndinasiya zinthu ziwiri.

Choyamba chinali anzawo a amayi, a mphakati umodzi kutchalitchi, amene ankakhala kutsidya kwa dimba lathu. Mayi amenewa ndi amene anali apolisi a shuga wa amayi. Pamaliro, paukwati, asanakhale pansi ankayamba adutsa kwa ophika tiyi: "Kapu ya awa musathire kanthu." Ndinawaonapo akulanda amayi nzimbe m'manja, amayi akuwatcha mfiti, onse akuseka. Sabata imene ija ankabwera tsiku lililonse ndi mpiru. Ndinkawalonjera, kuwathokoza, koma sindinawauze kuti tsopano pali nthawi imene shuga ndiye mankhwala.

Chachiwiri chinali Lamulungu. Amayi anakula ndi lamulo lakale loti tsiku lolandira Ukaristia munthu salawa kanthu m'mawa. Mpingo unafewetsa lamuloli kalekale, ndipo odwala siliwakhudza n'komwe. Amayi ankadziwa, koma ankati, "Ambuye asamapeze phala litawatsogolera." Ine ndakula ndikumva mawu amenewa. Lamulungu loyamba kunagwa mvula yambiri, sanapite ku Misa, anadya phala lawo monga mwa masiku onse. Ndiye sindinakumbukire.

Lamulungu lachiwiri anadzuka, anabaya, anachonga pa kalendala. Sanadye. Ananyamuka ndi anzawo aja wapansi. Kuchokera kwathu kukafika kutchalitchi ndi ulendo wa ola ndi theka.

Atayandikira pamsika, amayi anakhala pansi m'mbali mwa msewu. Thukuta linali kamukamu. Anayamba kuyankhula zosamveka, kuitana bambo amene anatisiya kalekale. Manja awo ankakoka chitenje m'chiuno. Mayi wina wachisilamu amene amagulitsa zitumbuwa pamenepo, amuna ake ali ndi matenda omwewa, anathamanga ndi kapu ya tiyi wothira shuga wambiri.

"Amwe uyu msanga, shuga watsika!"

"Mufuna muwaphe?" anakuwa anzawo aja. "Awa ali ndi shuga! Sakhudza zotsekemera!"

Anakankha kapu, tiyi n'kutayika. Ndipo poona amayi akulimbana ndi chitenje, anaganiza kuti mutu wasokonezeka, akufuna kuvula pagulu. Anawagwira manja, anawamanga chitenje chija bwinobwino kuti asachite manyazi pamsewu, n'kuyamba kuwapempherera.

Posakhalitsa amayi anakomoka. Munthu wokomoka sakwera kabaza, ndipo Lamulungu m'mawa galimoto zimasowa mumsewu umenewo. Panadutsa maola awiri ndi kuposerapo kuti afike kuchipatala. Anawaika diripi ya shuga. Ine ndinafika masana. Ankapuma, koma maso sanatsekulenso. Anamwalira Lachiwiri, dzuwa likutuluka.

Zapamsewuzi palibe wina anandiuza koma anzawo omwe aja. Titaika maliro anabwera ndi chitenje chija chopindidwa, nagwada pakhonde ngati ine ndine wamkulu. Anafotokoza zonse, mpaka za kapu, osabisa kanthu.

"Mwananga, ine ndinkati ndikuwasunga," anatero. "Sabata yonse ija ndimabwera pano. Bwanji simunandiuze?"

Anandisiyira chitenje chija n'kunyamuka. Kuyambira pamenepo iwo anasiya kuyenda msewu wapamsika. Kutchalitchi amazungulira njira yakumunda, yotalika.

Tsiku lija atapita ndinamasula mfundo ya pa ngodya ya chitenjecho. Inali yolimba, ya manja ozolowera kumanga mitolo ya nkhuni. Munali chopereka chawo ndi maswiti atatu, atamatirira ku mapepala ake.

Pepala la malamulo lidakali pakhoma. Ndaliwerenga kambirimbiri, ndipo palibe lamulo lolakwika. Lachinayi likuti: "Mukabaya, idyani." Kutsogolo kwake kunatsala malo okwanira mawu awiri amene sindinalembe: ngakhale Lamulungu.