Zikwama za mayi wamasiye

Anthu a mumsewu wawo ankawatchula kuti a Nasingano, chifukwa kwa zaka makumi awiri ndi zisanu palibe anawaonapo opanda singano pa kolala ya diresi. Ankasoka zikwama za nsalu yolimba, za lamba wachikopa ndi kathumba ka zipi mkati, m'chipinda chakumaso chimene zenera lake linkayang'ana kumsewu. Chikwama cha a Nasingano unkachita kutopa nacho wekha chisanang'ambike. Vuto linali lomwelo, pakuti wogula chaka chino sankabweranso mpaka mwana wake atakwatiwa.

Amuna awo anali mphunzitsi wopuma pantchito, ndipo dzina loti Aphunzitsi linawakanirira ngakhale choko anachisiya kalekale. Matenda a shuga anali atawadya thupi ndi kuwachepetsa maso, koma dzanja lawo linkalembabe zilembo zowongoka ngati zosindikiza. Mankhwala awo a mwezi ndi mwezi ndiwo ankawasowetsa mtendere a Nasingano, chifukwa penshoni inkathera kusitolo ya mankhwala sabata yoyamba yomwe.

Zogulitsa pa intaneti zinabwera ndi mkamwini wawo, mwamuna wa mwana wawo wachisamba. Anali bambo wa kamimba, womveka perefyumu akadali pageti, wosapita ngakhale kumaliro opanda laputopu m'khwapa. Iyeyu ndiye anawatsegulira sitolo yoti anthu akunja aziona zikwamazo nkumaitanitsa. Mwezi ukatha ankabwera, nkukankhira sizasi ndi ulusi pambali osapempha, nkutsegula laputopu pa tebulo lodulirapo nsalu.

"Mzere uwu ndiye bizinesi, amayi," ankatero akugogoda ndi chikhadabo mzere wosonyeza malonda pagalasi. "Ukakwera ndiye kuti tikudya. Ukagona ndiye kuti tagona nawo."

Mu Januwale zinapita zikwama zitatu, mu Febuluwale zinayi. Mzere uja unangoti tambalala ngati chingwe choyanikira zovala.

Komabe panali munthu mmodzi amene sitoloyo inamudzutsa. Aphunzitsi anadzitengera ntchito yokulunga maphukusi. Ankapinda pepala mosamala, kumata selotepi, kulemba adiresi ya wogula, kenako kutembenuza phukusi ndi kulemba ya kunyumba kwawo kuseri. Mkamwini ankati zimenezo nzachikale, kapepala kosindikiza kakukwana. Iwo ankangoti, "Phukusi lizidziwa kwawo." Lachisanu lililonse ankamanga tayi, kupukuta nsapato zawo zakuda, ulendo wa ku positi ofesi. Ankabwerako akuimba mluzu, chinthu chimene akazi awo anali atachiiwala.

Mu Malichi mkamwini anafika ndi nzeru zatsopano.

"Akunja sagula chikwama, amayi. Zikwama ali nazo mbwee. Amagula nkhani. Tijambule zithunzi zina."

A Nasingano anakasamba, navala diresi lawo la kutchalitchi. Mkamwini atawaona anapukusa mutu. Anawapempha kuti avale lakale lija ankakolopera nalo, avule magalasi ndi wotchi, ndolo nazonso. Makina amagetsi anawafunditsa nsalu, nkukatulutsa amanja a dzimbiri amene anali kosungira makala. Anawakhazika kuseri kwa nyumba, pafupi ndi ngalande, pamene khoma linasenduka pulasitala. Ntchentche zinkawatera kumaso.

"Musamwetulire, amayi. Yang'anani pansi. Manjawo aonekere, makamaka chala chong'ambikacho. Abambo, tasunthani pang'ono, mukulowa m'chithunzi."

Aphunzitsi anasuntha. A Nasingano anatsala okha pa ngalande paja. Mayi wa nyumba yakeyake, wophunzitsa ana anayi ndi singano, kukhala pamenepo ngati wopemphetsa! Koma mkamwini sukangana naye ngati mwana wako wobereka. Anayang'ana pansi.

Mu Epulo zinapita zikwama khumi ndi zisanu ndi zinayi. Mu Meyi makumi atatu. Pofika Juni makina ankalira tsiku lonse, chikopa chikutha msanga kuposa ulusi, Aphunzitsi akupita ku positi kawiri pa sabata. Mzere wa pa laputopu unadzuka nkuyamba kukwera ngati makwerero. Tsiku lina a Nasingano anafunsa kuti mawu a Chingerezi ali pansi pa chithunziwo akuti chiyani.

"Ndangolemba kuti ndinu olimbikira," anayankha mkamwini akutseka laputopu msangamsanga.

Tinene zoona, a Nasingano sanakhulupirire. Munthu wosoka amadziwa pamene nsalu yabisidwa chibowo. Koma pa shelefu ya kuchipinda panali mankhwala a miyezi iwiri, kwa nthawi yoyamba chiyambire matendawo, ndipo sanafunsenso.

Mu Ogasiti Aphunzitsi anabwera kuchokera ku positi ndi kaphukusi kofewa ka masitampa achilendo. Kanatsata adiresi ija ankalemba kuseri. Mkamwini ndi nzeru zake zonse anaganiza kuti ogula amangoyankhula pa laputopu, pamene iye yekha ankawerenga. Sanaganize kuti kunja kukadali anthu olemba kalata ndi cholembera.

M'kaphukusimo munali mpango wakuda waubweya ndi khadi la maluwa oyera. Aphunzitsi anakhala pansi, natenga galasi lawo lokulitsira zilembo, nayamba kuwerenga akumasulira monga ankachitira m'kalasi.

"Akuti, okondedwa mayi, chikwama chafika, nchokongola. Akuti, ndinalira nditawerenga za…" Anaima. Anasendeza khadi pafupi ndi maso. "Za imfa ya amuna anu. Inenso anga anandisiya chaka chatha, ndikudziwa mmene nyumba imakhalira zii. Mpangowu ndinaluka ndekha nditakhala m'chipatala pambali pa bedi lawo."

Makina anali ataima. Panja pankadutsa munthu wogulitsa matsache, akukuwa.

"Mayi," anatero Aphunzitsi mwaulemu, ngati akufunsa nthawi, "kodi ndinamwalira liti?"

Mkamwini anaitanidwa madzulo omwewo dzuwa lisanalowe. A Nasingano ankayembekezera kuti agwa nkhope, mwina kugwada kumene. Ayi ndithu. Anakhala pampando, natsegula laputopu.

"Mu Malichi, abambo. Koma sindinatchule matenda, ndinangoti munadwala nthawi yaitali. Taonani nokha." Anaika chala pamene mzere unayambira kukwera. "Apa ndi pamene munatisiya. Mukuona kusiyana kwake?"

"Akamwini," anatero a Nasingano, "munthu mwamupha ali pompano akumata selotepi, ndiye mukutionetsa manda ake pa galasi?"

"Amayi, aliyense amatero. Wina wogulitsa mikanda analemba kuti akulera ana amasiye khumi, chonsecho alibe ndi mphaka yemwe. Ndipotu Novembala ndi Disembala akubwera, miyezi ya mphatso. Chaka chonse chimadalira miyezi iwiri imeneyo. Tikati lero tinanama, ogula atilembera zonyoza, sitolo aitseka. Ndiye mankhwala a abambo tizigula ndi chiyani? Ndi ulemu?"

A Nasingano anafuna kumulavulira. Anadziona okha pa chithunzi chija, mutu uli pansi, nkhope ya chisoni imene iwo ankayesa kuti ndi ya ntchentche chabe. Anaganiza za mayi wakunja uja, wamasiye weniweni, akuluka pambali pa bedi, kenako kukulunga mpango womwewo kutumizira bodza. Thupi lonse linawanyansa ngati avala chovala chonyowa cha munthu wina.

Koma amene anayankhula ndi Aphunzitsi. Anayang'ana chitseko cha kuchipinda, kumene kunali shelefu ija, kenako manja a akazi awo.

"Zisiyeni, mayi. Mpaka Disembala. Imfa ya pa intaneti siwawa."

Anaseka pang'ono kuti ziwoneke ngati nthabwala. Palibe anawathandiza kuseka. Lachisanu lotsatira anapita ku positi osamanga tayi, ndipo kuseri kwa maphukusi sanalembe kanthu.

Loweruka lina mu Okutobala mkamwini anabwera kudzajambula zithunzi za nyengo ya mphatso. Ulendo uno ankafuna za m'nyumba, pakhomo penipeni, kuti ogula aone mmene mayi wamasiye amakhalira. Anaona mpango wakuda uja uli pa msomali, maso ake nkuwala.

"Eya! Umenewu ndiye muufunde, amayi. Uja anatumizayo akauona agulanso zitatu."

A Nasingano asanayankhe, anamva mpando ukusuntha. Aphunzitsi anali ataimirira okha, popanda wowauza. Anatenga kapu yawo ya tiyi pa tebulo. Anachotsa jekete lawo kuseri kwa chitseko, nanyamula galasi lokulitsira zilembo ndi cholembera. Kenako anawerama movutikira pakhomo, dzanja limodzi litagwira khoma, natola nsapato zawo zakuda.

"Zingaoneke m'chithunzi," anatero osayang'ana munthu.

Anayamba kulowera kuchipinda atakumbatira zinthuzo. A Nasingano anayang'ana chipinda chimene chinatsala: msomali wopanda jekete, pakhomo popanda nsapato, mpando umodzi. Umu ndi mmene chidzaonekere tsiku lina, ndipo tsikulo silinali kutali kwambiri moti nkumaliyeserera.

"Bambo, bwererani."

"Mayi, tinagwirizana kuti…"

"Sindinagwirizane ndi munthu ine. Bwererani."

Anawalanda nsapato zija nkuziika pakhomo pomwe zinali. Anakoloweka jekete pamalo pake. Anavula pomwepo diresi lokolopera lija limene anavalira zithunzi, nkutsala ndi labwino limene anali atavala mkati, navala magalasi awo. Anakoka mpando wachiwiri, nawakhazika amuna awo pafupi ndi makina amagetsi, nawakonza kolala.

Mkamwini anatsitsa foni. "Amayi, mukudziwa chimene mukuchita? Mzere uja ugwa mpaka pansi. Disembala yense apita. Mankhwala…"

"Ndikudziwa. Ndinkawagula musanakwatire mwana wanga, ndidzaona pogwira. Mukamaliza apa mufufute bodza lija ine ndikuona. Mayi uja timubwezera mpango wake, ndipo kalata yopepesa alemba ndi awa, ndi dzanja lawo."

Anakhala pansi, nagwira dzanja la Aphunzitsi. Linali lozizira, koma linawagwiranso.

"Jambulani, akamwini. Wamasiye ndidzakhala tsiku lake likadzakwana. Lero amuna anga alipo."