Buku la pa Nsonga Yachinayi

Anapuma pantchito zaka zisanu zapitazo, koma mumsewu mwawo amawatchabe a Mesenjala. Zaka makumi atatu anayenda ndi chikwama chachikopa kukhwapa, kuchoka ku ofesi ya inshuwalansi kupita kukhoti, kupositi ndi kwa maloya, osadikira basi. M'chikwamamo munkakhala buku lakuda losainitsa aliyense wolandira kalata. Makalaliki atsopano ankawadziwira mawu amodzi: "Posasaina, kalata sinafike." Malemu akazi awo ankaseka kuti tsiku lina bambowa adzawasainitsa powapatsira kapu ya madzi.

Chonyadira chawo chinali miyendo. Akakhala pakhonde ankakweza thalauza n'kumasisita akatumba, kuti odutsa aone.

Mwana wawo wamkazi, namwino pachipatala cha m'tauni, anapangana ndi anzake akuntchito zokakwera phiri. Njira yake inali yozungulira: kuyambira poimika magalimoto, kudutsa nsonga zinayi, n'kutsikira mbali ina mpaka kubwerera pomwepo, tsiku lathunthu. Namwinoyo anakonzekera miyezi isanu, akukwera masitepe a chipatala m'malo mwa chikepe. Bambo ake atamva anati apita nawo.

"Ababa, nanga bondo lija?"

"Bondo lanji? Ine ndinkazungulira tauni yonse iwe usanamere mano."

Ananyamuka dzuwa litangotuluka, anthu khumi ndi awiri. Namwino anapatsidwa udindo woyenda kumapeto, kuti pasatsale munthu m'mbuyo. A Mesenjala anadziika patsogolo, chipewa chopendeka, ndodo ataikana.

"Madala, kalata ya ndani mukuthamangitsayo?" anakuwa dalaivala wa ambulansi, munthu wamimba yaikulu ndi pakamwa posatseka. "Ofesi anatseka kale!"

"Inu bwerani ndi ambulansi yanu, mundipeza pamwamba," anayankha osacheuka.

Pansonga iliyonse panali chitini chomangiriridwa kumwala, m'kati muli buku ndi pensulo yapachingwe, kuti wofika alembe dzina. A Mesenjala ataliona bukulo anasekera ngati akumana ndi mnzawo wakale. Analemba dzina lonse, tsiku, ndi nthawi yomwe. Pansonga yachiwiri analembanso, bondo litayamba kuwaluma. Pachitatu anasainanso, dzuwa lili paliwombo, malaya atamatirira kumsana.

Ali okha pamenepo anayang'ana kutsogolo. Njira inkatsikira m'chigwa chakuya, kenako n'kukwera thanthwe loti munthu achite kukwawa. Bondo linali litatupa, thalauza likulithina. Atatsika pang'ono anapeza mphambano ndi chikwangwani cholozera kanjira kachidule, kobwerera kumagalimoto, ka anthu amene atopa. Kumbuyo kunkamveka phwete la dalaivala. Akanatha kukhala pamwala, kudikira mwana wawo, n'kunena kuti alephera. Koma anayang'ana uku ndi uku, nalowa kanjirako chotsimphina.

Anafika pansi cha m'ma 3 koloko, anasamba kumaso, nakhala pamthunzi. Anzawo anayamba kutulukira dzuwa litapendeka, akukoka miyendo.

"Aaa! Anthuni, madala awa si munthu, ndi njinga yamoto!" anatero dalaivala. Onse anawomba m'manja. Wina anawajambula pafoni, chipewa chili m'mwamba. "Thanthwe lija munalikwera bwanji pa msinkhu wanuwu?"

"Pang'onopang'ono," anatero a Mesenjala, maso ali pansapato.

Atawerengana anapezeka khumi ndi mmodzi. Mayi wina woyeza magazi kuchipatalako anati anamusiya namwino pansonga yachinayi akutsegula buku, ndipo namwinoyo anangoti, "Tsogolani, ndikupezani." Foni yake sinkapezeka. Ola linatha. A Mesenjala ankangoyang'ana kuphiri. Anaimirira, anakhala, anaimiriranso.

Dzuwa litatsala pang'ono kulowa, namwino anatulukira, koma osati njira imene anzake anatsikira. Anatulukira kanjira kachidule kaja, thalauza litang'ambika pabondo, zikhatho zitasupuka, mawu atasasa ngati munthu amene wakhala akuitana nthawi yaitali. Ataona bambo ake anaima, natulutsa mpweya wautali.

"Sisitala, mwatulukira kwa otopa?" anaseka dalaivala. "Miyezi isanu ya masitepe, n'kukupitirirani bambo anu okalamba! Lolemba chipatala chonse chimva."

Namwino anayang'ana bambo ake kamodzi kokha. "Ee, ndinatopa," anatero, nakhala pansi kumasula nsapato.

A Mesenjala anayandikira, nawerama ngati akumuthandiza zingwe.

"Mwanawe, unali kuti?"

"Pachinayi dzina lanu panalibe, ababa," ananong'ona. "Inu simudutsa buku osasaina. Ndinatsikanso thanthwe lija, ndinayang'ana m'chigwa monse mpaka pachitatu. Ndimati mwina mwagwera m'phompho. Kenako ndinaona mapazi a nsapato zanu pamphambano. Ingokhalani chete, zatha."

A Mesenjala anaweramuka. Anavula chipewa, nachipinda m'manja mpaka chinataya maonekedwe.

"A dalaivala," anatero. "Chithunzi chija afufute. Ine pachinayi sindinafike. Ndinathawira kanjira aka osauza munthu. Mwanayu anafika, n'kubwerera kukandifuna ine. Thanthwe walikwera, walitsikanso chifukwa cha ine."

Panalibe woseka. Dalaivala anakanda mutu, natsokomola, nati anthu akwere, kunja kukuda. M'minibasi a Mesenjala anakhala mpando wakumbuyo, atanyamula nsapato zamatope za mwana wawo pamiyendo mpaka pakhomo.

Namwino sanaikumbutseko nkhaniyi, ndipo chimenecho n'chimene chimawawawa kwambiri. Njira yozungulirayo sanakaiyendenso, chifukwa tchuthi chake chimavuta kupeza. Masiku ano a Mesenjala amakhalabe pakhonde, koma thalauza sakwezanso. Ndodo ija anailandira. Wodutsa akafunsa kuti, "Paja akuti munakwera phiri, madala?" iwo sadikira kuti funso lithe.

"Zitatu," amatero. "Nsonga zitatu basi. Zinayi anakwera mwana wanga."