Makutu a Bambo a Yankho

Khonde la sitolo ya kumapeto kwa msika wa Nsaru timagawana anthu awiri. Uku ndili ine ndi makina anga osokera, uko kuli a Nasoni ndi tebulo lawo la mawailesi akufa. Takalambira limodzi pakhonde limeneli, ndipo kunena zoona tonse tatopa nalo, kungoti kopita kulibe.

A Nasoni sanapite kusukulu ya zamagetsi. Ali mnyamata ankagwira ntchito pachigayo ku Mpingu, kuthira chimanga kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ufa uli mbuu m'mutu monse. Luso la mawaya analitola kwa mwini chigayoyo, amene ankakonda kumasula mawailesi n'kulephera kubwezera. Chigayo chitagwa anabwera kuno ndi kabokosi ka zipangizo, ndi kachitsulo kowotcherera kamene mpaka lero amakatenthetsa pambaula.

Dzina lawo linamveka chifukwa cha timasipika ta m'manja iti, tolowetsa memore khadi, timene akabaza amamangirira pahandulo ya njinga. Kasipika kotere kakakhala katsopano kamalira ngati udzudzu. A Nasoni amakatsegula, n'kuzula tinthu tina pa ampulifaya, kachipangizo kokweza mawu kaja, n'kuikapo makapasita, tizipangizo tosunga mphamvu ya magetsi, okulirapo omwe atola m'mawailesi akale. Nthawi zina amasamutsira zonse m'kabokosi ka matabwa. Mita yopimira alibe. Amapima ndi khutu: kuwotcherera, kuliza nyimbo, kupendeketsa mutu, kuwotchereranso. Kasipika kotuluka m'manja mwawo kankagunda besi, mawu a pansi aja, mpaka mbuzi za pamsika kutembenuka.

Koma chigayo sichiiwala munthu wake. Chifukwa cha phokoso lake, makutu awo anayamba kutseka pang'onopang'ono, ndipo ine ndinazindikira msanga chifukwa ndinkachita kubwereza moni. Iwo sankavomera. Ankati anthu a masiku ano amalankhulira m'mphuno. Nanga ndani akanawauza? Wokonza mawu akagontha ndiye kuti ntchito yathera pomwepo, ndipo munda wawo ndi kachigamba kosakwana kudyetsa banja mpaka Disembala.

Amene anawaphimba ndi akazi awo, mayi a Yankho. Anasamutsa lichero lawo la mtedza wokazinga kuchoka m'mbali mwa msewu, kudzaliika pafupi ndi tebulo. Kasitomala akanena vuto lake, iwo ankabwereza mokuwa ngati akukalipa: "Akuti ikukhosomola, bambo a Yankho, simukumva kodi?" Poyesa sipika, akamva kuti yalakwika ankati, "Chiphokoso chanucho chikundithamangitsira ogula, tachepetsani kulira kwa pamwambako." A Nasoni ankang'ung'udza, koma n'kukonza. Msika wonse unkati mayiwa ndi olongolola, anamuika mwamuna m'botolo. Zinkandiwawa kumva zimenezo, chifukwa ine ndikuwadziwa, satha n'kukalipira nkhuku yomwe.

Tsiku lina nyengo yokumba mtedza, mayi a Yankho anatsalira kumunda. Ndiye tsiku limene kunabwera mayi Lilian Mbewe, mtsogoleri wa kwaya ya amayi ku Nambuma, ndi kasipika kamene kwayayo imaphunzirira nyimbo. Iwo sankafuna besi. Ankafuna kuti mawu a oimba azimveka bwino, kuti mayi aliyense azitola mzere wake. Ndinayesa kuwathandiza kufotokoza, koma a Nasoni anandidula.

"Atelala, sokani zigamba zanuzo. Izi n'zathu."

Ndinapsa mtima, ndinabwerera pamakina anga.

Ntchito ija anaigwira ndi mtima wonse, thukuta lili kamukamu. Koma khutu lawo silimvanso mawu aang'ono, a pamwamba, choncho ankangowonjezera komweko mpaka iwo eni atamva. Masana mayi Mbewe atabweranso, a Nasoni anayatsa sipika monyadira. Kwaya inatuluka ngati nyenje za mu Okutobala. Mano anandiyayamira.

Mayi Mbewe, poti ndi munthu waulemu, analankhula chapansipansi. "Pepani bambo, yaipiratu. Ikuboola m'makutu."

A Nasoni anamwetulira. "Zikomo mayi. Mukawauze anzanu kuti ndi Nasoni wa pa Nsaru."

Akabaza awiri amene ankadikira makasitomala pamthunzi anaphulika kuseka. Mayi aja anazyolika. A Nasoni anaona kuseka kuja, anaona nkhope ya mayi Mbewe, kenako anayang'ana ine. Ndinangopukusa mutu. Anazimitsa sipika n'kupempha mayiwo kuti adzabwere Loweruka. Tsiku lonselo sanakhudzenso waya, ankangoyang'ana makala akuzima pambaula. Chisoni chinandigwira, mkwiyo wanga wonse unatha.

M'mawa mwake anabwera limodzi ndi akazi awo, iwo patsogolo, mayi a Yankho pambuyo ndi lichero pamutu. Zinkaoneka kuti kunyumba nkhaniyi sanaikambe. Atakhala pansi, a Nasoni anatembenuzatembenuza kasipika ka kwaya m'manja, kenako anafunsa mokweza, monga amachitira munthu wosadzimva yekha.

"Mayi a Yankho, kukuwa konse kuja, munkakuwira makutu angawa eti? Munadziwa liti?"

Ndinasiya kupalasa makina. Mayi a Yankho anatula lichero, anakonza chitenje, n'kuyankha ndi mawu awo enieni, ofewa.

"Kalekale, bambo. Ndinkaopa kuti mukadziwa mudzasiya."

A Nasoni anapitiriza kuwayang'ana, kudikira yankho, poti mawu ofewawo sanawamve.

Mayi a Yankho sanabwereze. Anakoka kampando, anatenga sipika ija n'kuiika pamiyendo pawo, misozi ili lengelenge. Kenako anakuwa.

"Kolezani mbaula, bambo a Yankho. Inu muziwotcherera, ine ndizimva."