Khosi la Besi Ndinalitenga ku Manda a Apongozi

Munali m'chaka cha 2017, ine ndili ndi zaka 63. Sindinali mwana. Ndayamba ndi zaka zangazi kuti wina asandimvere chisoni poganiza kuti sindinkadziwa. Ndinkadziwa. Ndinadula mtengo wa kumanda n'kupangira khosi la gitala yanga ya besi, ndipo mkazi wanga atandifunsa ndinamunamiza.

Ndine kalipentala. Ndinakwatira kwa Chulu n'kukhala chikamwini kwawo kwa mkazi wanga NaPhiri zaka 36. Ndinkalima fodya wa bale ngati wina aliyense, Lamulungu n'kumaimba besi m'kwaya ya mpingo wathu. Besi yanga yoyamba inali ya chikopa ndi waya mmodzi, yokhoma ndekha. Chaka china fodya atandiyendera bwino, ndinapita ku boma n'kugula yamagetsi kwa munthu amene anabwera nayo kuchokera ku Joni. Inali yakale, yakuda, ya nsambo zinayi. Nsambozo zinali zitafa mawu ndi litsiro, ndiye ndinaziwiritsa m'madzi n'kuziyanika, zinadzuka. Makiyi awiri okungira nsambo ankabwerera m'mbuyo, ndinawamanga. Inanditumikira zaka zisanu osadandaula.

Dzinja lina nyumba yathu inadontha, ndipo besi ija ndinakaiyedzamiritsa pa mzati m'chigafa, pakati pa fodya wauwisi. Pokaitenga ndinapeza khosi litapindika ngati uta. M'kati mwa khosi la besi mumakhala kachitsulo kowongolera, kamene amakapotoza pang'onopang'ono. Ine ndinakapotoza ndi mphamvu za pa matabwa. Kanathyoka, thabwa n'kung'aluka. Anzanga a kwaya anati tiitumize kwa okonza ku Lilongwe. Ndinakana. Zitseko za tchalitchi chathu ndinapanga ndine, ndiye kathabwa kotalika ngati mkono ndikapereke kwa ana a m'tauni?

Khosi la besi limafuna mtengo wolimba, wouma bwino, chifukwa nsambo zake n'zonenepa ndipo zimakoka usana ndi usiku. Bulugamu amang'aluka, paini ndi wofewa. Amene mukudziwa kuno mukudziwanso kuti mitengo yachilengedwe inathera m'zigafa. Mukaima pamtunda n'kuona kankhalango kakuda pakati pa minda, musafunse. Ndi manda.

Ku manda a kwawo kwa NaPhiri kunali mlombwa waukulu umene mphepo inagwetsa zaka zitatu m'mbuyomo. Unali kumutu kwa manda a apongozi anga, mayi ake a NaPhiri. Ndinali nditauona kale tikuika maliro ena. Anthu ankalira, ine maso ali pa nthambi ina yowongoka bwino. Mwambo ndinkaudziwa. Kumanda salowako popanda chifukwa, ndipo ngakhale kankhuni kouma satola. Odula mtengo kumeneko ndi adzukulu okha, okumba manda aja. Ine ndinali mkamwini, munthu wobwera.

Ndinapita masana dzuwa lili paliwombo, anthu onse ali m'zigafa kusoka fodya. Kunja kunkatentha, koma m'katimo munkazizira, ndipo munali zii, popanda ngakhale njiwa. Sowo italowa, mtengowo unatulutsa utomoni wofiira. Mlombwa umatero ukakhala wauwisi, zimenezo kalipentala aliyense amadziwa. Uwu unali utagona pansi zaka zitatu. Ndinapukuta sowo pa udzu n'kupitiriza kucheka. Chidutswacho ndinachikulunga m'chiguduli, kumanga pa njinga, n'kudutsa pakati pa mudzi ndikupereka moni.

Ntchito ndinaigwira bwino, zimenezo sindibisa. Ndinapala masabata atatu. Timawaya topingasa, todinikizirapo nsambo poimba, ndinatizula pa khosi lakale kamodzikamodzi, n'kutikhoma pa latsopano ndikuyeza. Ndinaika kachitsulo kena, n'kupaka vanishi katatu. Khosi linatuluka lowongoka kuposa la ku fakitale, lofiirira mokongola.

Nditalumikiza ku ampu, bokosi lokuzira mawu, besi inalira mozama kuposa kale. Koma pansi pa mawu akewo panali kung'ung'udza. Oimba magitala amagetsi amalidziwa phokoso lotere. Limabwera kawaya kena kakamasuka m'kati, ndipo nthawi zambiri ukagwira nsambo limachepa. Ili ukagwira nsambo linkakula. Ndinawotcherera mawaya onse mwatsopano. Ndinasintha chingwe, ndinamata pepala lonyezimira m'kati, ndinabwereka ampu ina. Silinasiye. Komanso silinali la mawu amodzi ngati la magetsi. Linkakwera, kutsika, kenako n'kuima kaye ngati munthu akukoka mpweya.

M'mawa wina ndikuyesa nsambo pakhonde, NaPhiri anasiya kusesa.

"Bambo a Chifundo, tazimitsani kaye."

"Chavuta n'chiyani?"

"Amayi ankang'ung'udza choncho akamasankha fodya. Mtengo umenewu munautenga kuti?"

Inu owerenga, apa ndi pamene ndinayenera kugwada. M'malo mwake ndinamuyang'ana m'maso n'kunena kuti ndinagula kwa ocheka matabwa a kwa Simlemba, ndipo asamandifunse za ntchito yanga ngati ine ndimamufunsa za mphika wake. Anaseka pang'ono, nati kaya ndi ukalamba wayamba kumulowa m'makutu. Anandikhulupirira, chifukwa zaka zonsezo ndinali ndisanamunamizepo. Kuyambira pamenepo, Lamulungu lililonse ine ndinkanyamula ampu ndi batire pa njinga, iye n'kukulunga besi m'chitenje chake n'kuisenza pamutu mpaka ku tchalitchi. Panjira ankadandaula kuti yayamba kulemera.

Panali chinanso. Ndikaimba nthawi yaitali, chikhatho chamanzere chinkafiira. Vanishi katatu, komabe utomoni wofiira uja unkatuluka. Ndinkachikwecha ndi mchenga. A kwaya ankandiseka kuti a besi mwayamba liti kupha mbuzi osatiitana. Ndinkaseka nawo.

Mwezi wa Ogasiti mng'ono wake wa NaPhiri anamwalira. Anali atadwala nthawi yaitali, choncho sindikunena kuti gitala inamupha. Awa anali maliro oyamba m'mudzimo chichekereni ine mtengo uja. Adzukulu analawirira kukakumba, ife a kwaya tinakhala panja pa siwa n'kumaimba podikira. Dzuwa linafika pamutu adzukulu osabwera. Nyimbo zinatha, tinayamba kubwereza. Kung'ung'udza kuja kunakula m'sipika mpaka amayi a m'siwa analeka kulira, n'kumamvetsera. Ndinatsitsa mawu a ampu mpaka kumapeto. Kunkamvekabe.

Kenako adzukulu anatulukira, makasu ali paphewa. Wamkulu wawo anapita kwa alamu anga, mchimwene wake wa NaPhiri, amene anali mwini mbumba. Sananong'one.

"Takumba malo atatu, ponse mwala. Manda akana. Ndiye tinati tizungulire tione. Mlombwa wa kumutu kwa mayi anu wachekedwa ndi sowo. Si ana ayi. Wochekayo ndi mmisiri, wadula mowongoka ngati anayeza."

M'mudzimo kalipentala ndinali ndekha. Palibe ananditchula dzina. Anthu anangoyang'ana khosi la besi lili pachifuwa panga.

"Alamu," anatero mwini mbumba uja, "tatambasulani dzanjalo."

Ndinatambasula. Linali lofiira mpaka m'zikhadabo. NaPhiri anali atatuluka m'siwa, waima pakhomo. Anayang'ana dzanja langalo.

"Kwa Simlemba?" Anangotero basi, n'kubwerera m'nyumba.

Adzukulu anamasula khosilo pomwepo anthu akuona, n'kupita nalo. Akuti atalikwirira pa tsinde la mlombwa, anabwerera pa dzenje loyamba lija, khasu n'kulowa ngati m'dimba. Ine sindinaone, ndikunena zimene ndinamva. Maliro anaikidwa madzulo, anthu ochokera kutali atatopa ndi njala.

Mlandu unakambidwa. Ndinapereka mbuzi, ndipo mpingo unandiimitsa kwa kanthawi. Zimenezo zinatha. Alamu anga anali okonzeka kuti ndikhalebe pamudzi. Amene anakana ndi NaPhiri. Pamaso pa ankhoswe analankhula mosakweza mawu.

"Akanangoba, ndikanakhululuka. Koma anandisenzetsa amayi anga pamutu miyezi inayi. Nditawamva, anandisiya ndiziyesa kuti makutu anga afa. Ndigona bwanji nyumba imodzi ndi munthu ameneyu?"

Ndinamanga zipangizo zanga pa njinga n'kubwerera kwathu kwa Kapelula, kumene ndinachoka ndili mnyamata. Ndinapeza munda wa makolo anga unagawidwa kalekale. Kupepesa ndinatuma anthu kawiri. Ndekha sindinapite. Ndinkati mtima wake ukatsika adzandiitana, pakuti ndinali nditachita kale manyazi okwanira pagulu. Sanandiitane.

Chaka chatha NaPhiri anamwalira. Uthenga unandipeza, ndinapita. Ndinakhala panja ndi amuna anzanga, palibe anandithamangitsa. Ponyamula maliro ndinatsatira mpaka polowera kumanda. Pamenepo mdzukulu wina anapingasa mpini wa khasu patsogolo panga.

"Madala, inu mulekezere pompano."

Ndinaima m'njira ndekha, chipewa chili m'manja, ndikumva dothi likugwera pa bokosi limene anakhoma munthu wina.

Inu amene muli ndi magitala, mverani. Musawasunge ponyowa. Khosi likapindika, masulani nsambo, ndipo musalimbane nalo mwaukali. Likakukanikani pitani kwa odziwa, ngakhale akhale msinkhu wa ana anu. Mtengo umene simunganene poyera kumene mwautenga, usiyeni uwole pomwepo. Za mizimu aliyense aganize zake, ine ndine mkhristu ndipo sinditsutsana ndi munthu. Koma mukalakwa, wa m'nyumba mwanu akakufunsani, muyankheni zoona tsiku lomwelo. Mukachedwa, pitani nokha, musatume munthu.

Zimene ndinataya ndi izi. Besi imodzi. Malo anga m'kwaya. Nyumba ya njerwa zootcha imene ndinamanga ndi manja anga, munda, ndi zigafa zitatu. Ana anayi, amene amandipatsa moni ngati mlendo. Zaka 36 za banja, ndi zina zisanu ndi ziwiri zimene ndikanakhala naye. Mkazi mmodzi, amene manda ake sindikudziwa kuti ali mbali iti.