Tsiku Limene Mtengo Sunatsike

Salaula wanga, zovala za kaunjika, ndimagulitsira pansi pa mthethe, m'mbali mwa msewu wa ku Mphamba. Mtengowo ndi wa apongozi anga. Chaka china mbalame zitawadyera mapira, anaubwerera ndi nkhwangwa.

"Zondimalizazo zimagona umu," anatero. "Lero ugwa."

Mthunziwo ndiye sitolo yanga. Padzuwa munthu sayesa jekete, ndipo kasitomala wa thukuta saseka nthabwala. Ine amene ndakalamba n'kutsitsa mitengo ya katundu wa anzanga, tsikulo ndinanenerera kuti mtengo usatsike.

"Adada, mpheta n'zamitundumitundu, musazimange belo limodzi. Taonani kali pansiko: pachifuwa ngati thambo, pamsana podera, kamchira kotalikirako. Timeneti timayenda tiwiritiwiri, kutola njere za udzu pansi. Akuba anuwo ndi amilomo yofiira, amabwera chigulu ngati utsi kuchokera m'bango la kudambo."

"Inu a malaya osiyidwa ndi azungu, mbalame mwaphunzira liti?"

"Makasitomala akasowa, maso amafuna pogwera."

Sanaseke. Anayamba kulavulira m'manja. Ndiye ndinatulutsa katundu wobisa, uja timasungira wogula wovuta.

"N'tochenjeranso. Chisa timamanga pafupi ndi mavu kuti azitilondera. Mukapeza ndanama, dulani."

"Ndionetseni."

Kunena zoona, chisacho ndinkangochionera patali. Ndinakwera pabelo, n'kukankha nthambi mwa ulemu wonse. Icho! Chaudzu, chobulungira, khomo m'mbali, ndipo pambali pakepo kanyumba ka mavu kali lende.

"Mwaona, adada? Alonda ake ndi a—"

Mlonda mmodzi anandilandira pamlomo penipeni. Pamene ndinkatsika, apongozi anali atafika kale kuseri kwa nkhokwe, nkhwangwa ataisiya pamalaya anga. Sindinadziwe kuti mawondo aja, odandaulidwa chaka chonse, ali ndi liwiro lotere.

M'mawa mwake apongozi analawirira kudambo. Anabwerako dzuwa litakwera, n'kuima patali ndithu ndi mthethe.

"Zilikodi m'bangomo. Milomo psuu! Nkhwangwa yanga mundiponyere kuno."

Mlomo wanga unatupa ngati chitumbuwa. Sabata imeneyo ndinagulitsa ndi manja okha, amayi a m'mudzi akundidyera masuku pamutu, ine ndikungovomera ndi maso.

Koma mthethe ulipo. Timbalame tija timatola njere m'mphepete mwa mphasa yanga, ndipo apongozi akamadutsa ndi alendo amaloza ndi ndodo: "Iti n'tosalakwa. Koma musayandikire."