Woyendera makoma masana

Bambo ena oumba njerwa sasiya kulalikira kuti khoma labwino limapuma. Amasakaniza utuchi m'dothi, ndipo ukapsa mu uvuni umasiya timabowo toletsa kutentha kudutsa msanga. Koma yawo nyumba anamanga ya simenti yolimba gwa, kuopa kufanana ndi makasitomala awo.

Dzuwa likafika paliwombo nyumbayo imatentha ngati uvuni, ndiye amatenga chipewa n'kupita kwa aphunzitsi amene anagula njerwa zawo, ati kukayendera makoma. Tsiku lina akazi awo anawapeza ali gada pampando wa eniake, akuliza mkonono.

"Bambo, kwabwera alendo odzaona nyumba yanu yapamwamba ija."

"Alowetseni," anayankha osatsegula n'komwe maso. "Akapsa, mubwere nawo kuno adzagule njerwa."